Musathamangire kufomata: tsatirani mmene Linux imadzukira kuti mupeze pomwe yaima

M'mashopu ambiri a mafoni ndi m'malo osindikizira ma CV momwe Amalawi tikugwira ntchito kuno ku Joni, kuyambira ku Mayfair ndi Fordsburg mpaka ku Yeoville ndi Rosettenville, mumapezeka kompyuta imodzi yakale pakona yomwe wina anaikamo Ubuntu kapena Debian. Ndiyo imasunga mafayilo a makasitomala, ndiyonso imalumikiza purinta ku makompyuta enawo. Loadshedding inachepa poyerekeza ndi 2023, komabe magetsi amathima ndithu: mawaya abedwa, transifoma yapsa, kapena mayunitsi atha mu mita usiku. Akabwera, kompyuta ija nthawi zina imaima pa sikirini yakuda yodzaza zolemba, ndipo mnzanu wa pakauntala amati, "Achimwene, ingoifomatani basi, makasitomala akudikira."

Ine zimenezi ndimazikana. Kufomata kumadya tsiku lathunthu, kumataya mafayilo a anthu, ndipo vuto limabweranso chifukwa silinapezeke. Linux siidzuka mwachisawawa. Imatsata ndondomeko, china chikatha china chimayamba, ndipo mukaidziwa ndondomekoyo funso limatsala limodzi: yaima pati? Malangizowa ndi a munthu amene amatha kutsegula terminal n'kulemba lamulo ndi sudo, ngakhale sanapite kusukulu ya makompyuta. Zitsanzo ndi za Ubuntu ndi Debian, koma zambiri zigwiranso pa Linux Mint ndi Fedora.

Yambani ndi maso, musanalembe kanthu

Mukadina batani loyatsira, Linux imakhala isanayambe n'komwe. Koyamba kugwira ntchito ndi kapulogalamu ka pa motherboard penipeni, BIOS pa makina akale kapena UEFI pa atsopano. Kamayesa RAM, kiyibodi ndi madiski, n'kuonetsa chizindikiro cha kampani yomwe inapanga makinawo. Ngati chizindikirocho sichikutuluka, fani ikungozungulira kapena makina akungolira, vuto ndi la zida. Mwina RAM yasuntha, power supply yapsa, kapena waya wa sikirini watayirira. Mukaona mawu oti No bootable device, lowani mu BIOS, kawirikawiri ndi F2, F10 kapena Del, muone ngati diski ikuoneka ndiponso ngati ili patsogolo pamndandanda. Makompyuta akale a m'mashopu athuwa ali ndi matenda amodzi odziwika: kabatire kozungulira ka CR2032 kakatha mphamvu, BIOS imaiwala zonse zomwe munaiuza nthawi iliyonse magetsi akachoka, ngakhale deti limene. Kabatireko kamapezeka m'mashopu a mawotchi.

Kenako pamabwera GRUB. Ntchito yake ndi kutenga kernel, yomwe ndi mtima wa Linux, ndi fayilo ya initramfs mu foda ya /boot n'kuziika mu RAM. Mukaona grub rescue kumayambiriro kwa mzere, ndiye kuti GRUB yalephera kupeza mafayilo ake omwe, ndipo pafunika fulashi ya Linux yodzukirapo kuti muikonze. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Yachitatu ndi kernel, yomwe Linus Torvalds anayamba kulemba mu 1991. Imazindikira zida zonse, ndipo imagwiritsa ntchito initramfs, kagulu kakang'ono ka mafayilo kongokhala mu RAM, kuti ipeze zotsegulira diski yeniyeni. Magetsi akathima kompyuta ili mkati molemba pa diski, apa ndi pomwe Ubuntu imakonda kuima. Pamwamba mumaona mawu oti BusyBox, mzere wolemberapo umayamba ndi initramfs, ndipo penapake pamalembedwa kuti RUN fsck MANUALLY limodzi ndi dzina la gawo la diski lomwe lasokonekera. Werengani dzinalo bwinobwino, musaliganizire. Ngati ndi /dev/sda2, lembani:

fsck -y /dev/sda2

Ilekeni imalize, ngakhale zolemba zikuthamanga mochititsa mantha. Ikatha lembani exit, kapena muyatsenso makinawo. Nthawi zambiri imadzuka ngati sipanachitike kanthu. Zidutswa za mafayilo zomwe fsck yalephera kudziwa kwawo imaziika mu foda ya lost+found. Chenjezo limodzi: fsck siiyendetsedwa pa gawo la diski lomwe latsegulidwa kale ndipo likulembedwa, chifukwa mutha kuwononga zomwe zinali bwino.

Nambala 1

Diski yaikulu ikatseguka, ulamuliro umaperekedwa kwa pulogalamu imodzi, /sbin/init. Pulogalamu iliyonse yomwe ikuyenda imatchedwa process ndipo imakhala ndi nambala yake, PID. Imeneyi nambala yake ndi 1. Pa kompyuta yomwe ikuyenda bwino, ifunseni dzina:

ps -p 1 -o comm=

Ikayankha kuti systemd, muli pa dongosolo latsopano. Ikayankha kuti init, mwina muli pa lakale. Yankholi lisungeni, chifukwa ndi lomwe likuuzeni malamulo ogwiritsa ntchito kutsogoloku.

Amene munagwirapo ganyu yomanga ku Midrand mukumudziwa kapitawo wa pa sayiti. Sanyamula njerwa, koma ndiye amadziwa kuti osakaniza simenti ayambe madzi akafika, ndipo oika denga adikire makoma. PID 1 ndi kapitawo ameneyo. Siisindikiza kanthu, siilumikiza intaneti, koma imadziwa woyamba ndani, wodikira mnzake ndani, ndipo wina akagwa imadziwa.

Process yatsopano imachokera kwa ina yomwe ilipo kale. Yakaleyo imadzikopera yokha, zomwe amazitcha fork, ndiyeno kope lijalo limasiya pulogalamu yakale n'kuyamba kuyendetsa yatsopano, zomwe amazitcha exec. Mukalemba ls mu terminal, bash, pulogalamu yomwe imalandira malamulo anu, imachita zomwezi. Choncho process iliyonse ili ndi kholo, ndipo mukatsata makolowo mumakafika pa nambala 1. Dzionereni nokha:

pstree -p | less

Muona systemd kumanzere kwenikweni, ndipo cupsd, cron, NetworkManager ndi Firefox yanu zikulendewera kwa iyo. Kholo likafa mwana akadali moyo, PID 1 imamutenga. PID 1 ikafa yokha, kernel imaimitsa zonse n'kulemba kuti Kernel panic, Attempted to kill init. Mayina omwe ps imawaonetsa m'mabulaketi, monga kworker, ndi antchito a kernel mwini, ana a kthreadd yomwe ndi PID 2. Amenewo asiyeni.

Ma runlevel, mmene ankagwirira ntchito

Dongosolo lakale linachokera ku Unix System V ya AT&T, yomwe inatuluka mu 1983, n'chifukwa chake limatchedwa SysV init. Lingaliro lake ndi losavuta. Kompyuta imakhala mu mkhalidwe umodzi pa nthawi, ndipo mkhalidwe uliwonse uli ndi nambala, runlevel, yonena ma service oyenera kuyaka. Service ndi pulogalamu yogwira ntchito kuseri popanda windo, monga yosindikiza kapena yolandira anthu olowa pa netiweki.

Manambala atatu ndi ofanana paliponse: 0 ndi kuzimitsa, 6 ndi kuzimitsa n'kuyatsanso, ndipo 1 ndi pokonzera zinthu, pomwe pamakhala root yekha, akaunti ya mphamvu zonse pa makinawo, popanda netiweki. Apakatiwo ndi omwe amasokoneza anthu. Ku banja la Red Hat, 3 inali kompyuta yathunthu ya zolemba zokhazokha, 5 inali yomweyo kuwonjezapo mawindo ndi mbewa, 2 inali ngati 3 koma yopanda mafoda ogawana pa netiweki, ndipo 4 inangosiyidwa. Ku Debian, kuyambira 2 mpaka 5 zinali zofanana, ndipo makina ankadzukira mu 2. Ndiye mukapeza malangizo akale pa intaneti onena kuti lembani init 3 kuti mawindo achoke, dziwani kuti wolembayo anali pa Red Hat. Pa Debian yakale lamulo lomwelo silinkachotsa mawindo.

Init ikadzuka inkawerenga fayilo ya /etc/inittab, momwe munali mzere wonga uwu:

id:3:initdefault:

Nambala yapakatiyo ndi runlevel yodzukiramo. Mukakumana ndi makina otere, musalembepo 0 kapena 6, chifukwa azingodzuka n'kuzimanso kosalekeza. Kenako init inkapita ku foda ya runlevel imeneyo, /etc/rc3.d pa 3, /etc/rc5.d pa 5. Pa Ubuntu ndi Debian zambiri mafodawa akadalipo, choncho yang'anani:

ls -l /etc/rc3.d

Mupeza mayina oyamba ndi S kapena K, kenako manambala awiri, kenako dzina, monga S01cron. Amenewa si mafayilo enieni. Ndi timalinki toloza ku ma script omwe ali mu /etc/init.d. Polowa mu runlevel, a K amayendetsedwa poyamba kuti azimitse zosafunika, kenako a S kuti ayatse zofunika, kuyambira nambala yaing'ono. Netiweki inkapatsidwa nambala yaing'ono kuposa zomwe zimaidalira. Ubwino wake unali woti chilichonse mumatha kuchitsegula n'kuchiwerenga. Kuipa kwake kunali koti ma service ankayaka umodzi umodzi, ndipo wina akakakamira onse a kumbuyo kwake ankadikira.

Zimenezi si mbiri chabe. Devuan ndi Slackware zikadali ndi /etc/inittab, ma seva akale akadalipo m'maofesi ena, ndipo amene mukukonzekera mayeso a LPIC-1 mukumana nazo m'gawo la kusintha ma runlevel ndi ma target.

Zomwe zili pa makina anu lero

Ubuntu, yomwe Mark Shuttleworth wa kuno ku South Africa anaiyambitsa mu 2004, inasiya SysV init mu 2006 n'kutenga Upstart. Mu 2010 Lennart Poettering ndi Kay Sievers anatulutsa systemd. Fedora inaitenga mu 2011, ndipo mu 2015 Debian 8 ndi Ubuntu 15.04 zinatsatira. Panali mkangano waukulu, moti ena anachoka ku Debian n'kuyambitsa Devuan. Kwa munthu woyang'anira kompyuta ya shopu, ine ndimaona kuti systemd inabweretsa chinthu chimodzi chamtengo wapatali: imasunga mbiri ya kudzuka kulikonse pamalo amodzi, ndipo imakuuzani mwachindunji chomwe chalephera.

M'malo mwa manambala, systemd ili ndi ma target. Runlevel 0 ndi poweroff.target, 1 ndi rescue.target, 2 mpaka 4 ndi multi-user.target, 5 ndi graphical.target, 6 ndi reboot.target. Lamulo la runlevel likugwirabe pa makina ambiri, ndipo limayankha zonga N 5, kutanthauza kuti palibe runlevel ina yomwe munadutsamo ndipo panopa muli mu 5. Koma malamulo akalewa akuchotsedwa pang'onopang'ono, choncho zolowerani atsopano. Funsani kaye komwe makina anu amadzukira:

systemctl get-default

Kenako onani zomwe target imeneyo imakoka:

systemctl list-dependencies graphical.target

Apa muona kusiyana kwenikweni. Ma target amasanjikizana. Graphical imafuna multi-user, multi-user imafuna basic, basic imafuna sysinit, ndipo sysinit imadikira kuti madiski atseguke. Service iliyonse imanena yokha zomwe ikufuna ndi zomwe iyenera kudikira, ndipo zosadalirana zimayaka nthawi imodzi. Kumbukirani zoti madiski ali pansi pa zonse, chifukwa tibwererako posachedwa.

Ngati kompyuta ya pakona ija ntchito yake ndi kusunga mafayilo ndi kuyendetsa purinta basi, palibe chifukwa choti izidzuka ndi mawindo. Pa makina a RAM ya 4GB kusiyana kwake kumaoneka.

sudo systemctl set-default multi-user.target

Lamuloli limangosintha kalinki ka /etc/systemd/system/default.target, ndipo limagwira mukadzayatsanso. Pobwerera, lembani lomwelo ndi graphical.target. Mukafuna kusintha pompopompo pali lina:

sudo systemctl isolate multi-user.target

Limeneli ndi laukali. Limazimitsa chilichonse chosafunika mu target yatsopanoyo, kuphatikizapo mawindo onse. Ngati mlongo wina anali pakati polemba CV yake ndipo sanaisunge, yapita. Funsani kaye. Mukatha, lowani ndi dzina ndi pasiwedi yanu pa sikirini ya zolembayo, mulembe sudo systemctl isolate graphical.target, mawindo abwerera.

Kuyatsa lero si kuyatsa mawa

Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Purinta yasiya kuoneka pa netiweki, wina walemba sudo systemctl start cups kuti ayatse service ya purinta, yagwira, onse asangalala. M'mawa mwake magetsi athima n'kubwera, purinta yasowanso, ndipo anthu ayamba kunena kuti makinawa atopa. Makina sanatope. Start imayatsa service panopa pokha. Yomwe imauza systemd kuti iziyatsa pa kudzuka kulikonse ndi enable. Yang'anani motere:

systemctl status cups

Werengani mizere iwiri. Mzere wa Loaded umanena ngati ndi enabled kapena disabled, ndipo umenewo ndi wa mawa. Mzere wa Active umanena ngati ikuyenda, yaima kapena yalephera, ndipo umenewo ndi wa lero. Pansi pake pali mizere yomaliza yomwe service inalemba, ndipo nthawi zambiri chifukwa cha kulephera chili pomwepo. Kuti muchite zonse ziwiri kamodzi:

sudo systemctl enable --now cups

Enable imapanga kalinki mu foda ya target yoyenera, monga /etc/systemd/system/multi-user.target.wants, chimodzimodzi timalinki ta S tija. Disable imakachotsa. Nthawi zina service yomwe mwaichita disable imayakabe, chifukwa china chake chaiitana. Mukafuna kuti isayake ngakhale pang'ono pali mask, ndipo unmask imaimasula. Koma musazimitse zomwe simukuzidziwa pofuna kuti makina athamange. Mukachotsa dbus, systemd-logind kapena NetworkManager, mudzipangira ntchito yaikulu kuposa yomwe munali nayo.

Ikakugwetsani mu emergency mode

Sikirini imayamba ndi mzere wonena kuti A start job is running, ndi manambala akuwerenga mpaka 1min 30s. Akatha, pamatuluka You are in emergency mode. Chomwe chimachititsa zimenezi kawirikawiri m'mashopu ndi diski ya kunja. Inalembedwa mu /etc/fstab kuti izitseguka podzuka, ndiye wina anaizula kukakopera nyimbo, kapena magetsi atabwera sinadzuke msanga. Poti madiski ali pansi pa zonse, systemd imakana kupitirira.

Pa Ubuntu dinani Enter. Pa Debian lembani pasiwedi ya root. Ngati Debian yanu inaikidwa popanda pasiwedi ya root, ikuuzani kuti akaunti ya root ndi yokiyidwa, ndipo mufunika fulashi yodzukirapo kuti mukonze fayiloyo kuchokera kunja. Mukalowa, funsani zomwe zalephera:

systemctl --failed
journalctl -b -p warning

Loyamba limatchula mayina. Lachiwiri limaonetsa zolakwika zonse za kudzuka kumeneku. Funani mzere wonena Timed out waiting for device kapena Dependency failed for, muone dzina la foda kapena nambala ya diski. Ndiyeno yerekezani madiski omwe alipodi ndi omwe alembedwa:

lsblk -f
cat /etc/fstab

Nambala yaitali ya UUID yomwe ili mu fstab koma mulibe mu lsblk, ndiyo diski yosowayo. Nthawi zina diski yaikulu imakhala yotsegulidwa kuti muwerenge kokha, choncho iloleni kulembedwa, musunge kope la fayilo, kenako muitsegule:

mount -o remount,rw /
cp /etc/fstab /etc/fstab.kale
nano /etc/fstab

Pa mzere wa diski ya kunjayo wonjezani nofail. Uzioneka chonchi, ndi UUID yanu:

UUID=nambala-yanu /mnt/sungani ext4 defaults,nofail,x-systemd.device-timeout=10s 0 2

Nofail ikutanthauza kuti diski ikapezeka itseguke, ikasowa makina apitirire. Gawo linalo likuchepetsa kudikira kufika masekondi 10. Mzere wa / wokha musaukhudze. Sungani ndi Ctrl+O, tulukani ndi Ctrl+X, ndipo musanayatsenso yesani:

findmnt --verify
systemctl daemon-reload
mount -a

Ngati palibe dandaulo lalikulu, lembani reboot. Diski iliyonse yozulika yomwe ili mu fstab iyenera kukhala ndi nofail kuyambira tsiku loyamba, ndipo ngati makina anu akuyenda bwino lero, lero ndi tsiku loikonza.

Ikaima mawindo asanatuluke

Pena chizindikiro cha Ubuntu chimangozungulira, kapena sikirini imada n'kutsala kamzere kophethira. Dinani Esc kuti muone zolemba zobisika kuseri kwa chizindikirocho. Kenako yesani Ctrl+Alt+F3. Ngati patuluka malo olembera dzina, ndiye kuti multi-user yafika ndipo vuto lili pa mawindo okha. Lowani, mulembe df -h. Gawo la / likafika 100%, pulogalamu yolowera ya mawindo imalephera kuyaka, ndipo pa kompyuta yomwe aliyense amasiyapo mavidiyo zimenezi zimachitika kawirikawiri. Pezani malo ndi sudo apt clean komanso sudo journalctl --vacuum-size=200M, kenako mufufuze mu Downloads.

Ngati Ctrl+Alt+F3 siikuyankha, uzani kernel kuti ipite ku target ina kudzera mu GRUB. Yatsani makina, ndipo chizindikiro cha kampani chikangochoka gwirani Shift pa makina a BIOS, kapena dinani Esc kamodzi pa a UEFI. Mndandanda wa GRUB ukatuluka dinani e. Pezani mzere woyamba ndi mawu oti linux, pitani kumapeto kwake, fufutani quiet splash, ndipo lembani:

systemd.unit=multi-user.target

Dinani Ctrl+X kapena F10. Kusinthaku ndi kwa ulendo umodzi wokha, choncho mukalakwitsa ingoyatsaninso. Ngati multi-user nayonso ikukakamira, yesani rescue.target, yomwe imatsegula madiski onse koma siiyatsa netiweki ndi ma service ena. Emergency.target ndi yotsika kuposa pamenepo, imangokupatsani diski yaikulu ndi malo olembera. Yambani ndi yapamwamba, muzitsika pokhapokha ikakana, chifukwa target yomwe yagwira ndi yomwe yakana zimakuuzani kuti vuto lili pakati pawo.

Mukalowa, onani mbiri ya kudzuka komwe kunalephera, osati kwa panopa:

journalctl -b -1 -p err

Ikanena kuti ilibe mbiri yakale, pangani foda ya /var/log/journal ndi sudo mkdir kuti iyambe kusunga.

Pali chinthu china chofunika kuchidziwa apa. Njira yomwe yakulowetsaniyi ingalowetsenso wina aliyense amene wagwira kiyibodi ya makinawo. Kompyuta yosunga makope a mapasipoti, ma permit ndi ma CV a anthu isakhale pomwe kasitomala angaiyatse yekha. Lamulo la POPIA la dziko lino, loteteza zinsinsi za anthu, limapereka udindo kwa amene akusunga zinthu zotere, ndipo ambiri mwa eni mapepalawo ndi abale athu omwe.

Ngati imadzuka koma mochedwa

Malamulo atatu akukwanira: systemd-analyze imagawa nthawi pakati pa firmware (BIOS kapena UEFI ija), GRUB, kernel ndi ma service. Systemd-analyze blame imasanja ma service kuyambira wochedwa kwambiri. Systemd-analyze critical-chain imaonetsa omwe anadikiritsadi anzawo, ndipo ndiyo yofunika kuikhulupirira, chifukwa service itha kutenga nthawi yaitali osachedwetsa aliyense. Pamwamba pamakonda kupezeka NetworkManager-wait-online.service. Magetsi akabwera, rauta imatenga nthawi kuposa kompyuta, choncho kompyuta imaidikira. Ngati mulibe mafoda a pa netiweki otseguka podzuka, mutha kuichita disable. Koma makina a diski yozungulira yakale sangathamange ndi malamulo okha, mankhwala ake ndi SSD.

Lembani service yanu

Zonsezi zimakhazikika m'mutu mukapatsa PID 1 ntchito yanuyanu. Tipange yoti pa kudzuka kulikonse mafayilo a shopu azikoperedwa ku diski ya kunja ija. Onetsetsani kuti rsync ilipo ndi sudo apt install rsync, kenako tsegulani fayilo yatsopano ndi sudo nano /usr/local/bin/kopera.sh, mulembemo izi, posintha mawu oti shopu ndi dzina la akaunti yanu:

#!/bin/sh
rsync -a /home/shopu/Documents/ /mnt/sungani/Documents/

Sindinaikepo --delete mwadala. Fayilo ikafufutika mwangozi pa kompyuta, ikhalebe pa diski ya kunja. Lolani kuti script iziyenda, ndipo iyeseni ndi manja poyamba, chifukwa ulendo woyamba umatenga nthawi:

sudo chmod +x /usr/local/bin/kopera.sh
sudo /usr/local/bin/kopera.sh

Tsopano fayilo ya service. Zanu zonse zizikhala mu /etc/systemd/system. Zomwe zili mu /usr/lib/systemd/system ndi za mapulogalamu oikidwa ndi apt, ndipo zimalembedwanso pa update iliyonse. Tsegulani sudo nano /etc/systemd/system/kopera.service:

[Unit]
Description=Kukopera mafayilo a shopu
RequiresMountsFor=/mnt/sungani

[Service]
Type=oneshot
ExecStart=/usr/local/bin/kopera.sh

[Install]
WantedBy=multi-user.target

Mzere wa RequiresMountsFor ndi wofunika kuposa mmene ukuonekera. Popanda iwo, tsiku lomwe diski yazulidwa rsync ingalembe mu foda yopanda kanthu ya /mnt/sungani yomwe ili pa diski yaikulu, n'kuidzaza, mawindo n'kukana kutuluka monga taonera pamwambapa. Ukakhalapo, diski ikasowa service siiyamba n'komwe. Oneshot ikutanthauza ntchito yogwira kamodzi n'kutha. WantedBy ikunena target yomwe iziikoka, ndipo poti graphical imafuna multi-user, iziyenda kaya makina adzuka ndi mawindo kapena ayi.

sudo systemctl daemon-reload
sudo systemctl enable --now kopera.service

Daemon-reload ndi yofunika nthawi iliyonse mukasintha fayilo ya service, apo ayi systemd imapitiriza ndi zakale. Yatsaninso makina, kenako lembani systemctl status kopera ndi journalctl -u kopera -b. Musadabwe kuona inactive pa mzere wa Active, chifukwa oneshot ikamaliza imatero. Chomwe mukufuna ndi status=0/SUCCESS. Mukaona 203/EXEC, ndiye kuti mwaiwala chmod, mwalakwitsa njira ya fayilo pa ExecStart, kapena mzere woyamba wa script mulibe. Mukaona Dependency failed, diski sinatseguke, ndipo lsblk -f ikuuzani ngati makina akuiona.